Kusankha Rotaveta Yolingana ndi Mphamvu za Thirakitala Yaing'ono

Nkhani yathu ya lero ikunena za chida cholimira chimene amakaniko ndi ogulitsa makina amachitcha rotaveta, ndiponso za funso limene aliyense wofuna kugula chidachi ayenera kuyamba waliyankha ndalama zisanatuluke m'thumba. Funsolo nali: kodi thirakitala imene tili nayo ingathe kuzunguza rotaveta yotambalala motani? Kuti mawu athu akhale ndi poponda, titenga chitsanzo cha dera la Nguludi m'boma la Chiradzulu, koma zimene tinene zithandizanso inu a ku Dowa, a ku Rumphi ndi kwina kulikonse.

Chifukwa chimene tasankhira Nguludi ndi ichi. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma aang'ono kwambiri m'dziko muno, pakuti malo ake ndi masikweya kilomita 767 okha, chikhalirecho kalembera wa m'chaka cha 2018 anapezamo anthu oposa 350,000. Motero minda ya mabanja ambiri ndi yaing'ono ndithu, yopanikizana ndi nyumba, mitengo ndi makola a ng'ombe za mkaka, kotero kuti thirakitala yaikulu ya pa esiteti ingasowe ndi potembenukira pomwe. Koma msika ulipo. Pa Nguludi pali mishoni imene ansembe a chipani cha Montfort anaikhazikitsa mu 1903, pali chipatala cha St Joseph, pali sukulu, palinso yunivesite ya Katolika imene inatsegulidwa mu 2006, ndipo msika wa Limbe suli kutali. Anthu onsewa amafuna kabichi, matimati, anyezi ndi mpiru chaka chonse. Kalabu ya alimi a m'madimba ikaganiza zosonkherana ndalama kapena kutenga ngongole kuti igule thirakitala yaing'ono ndi rotaveta, yaganiza bwino. Koma ikalakwitsa poyesa ziwirizi, chuma cha mabanja makumi angapo chidzagona pansi pa mtengo wa mango chikuchita dzimbiri, ngongole ikudikira pakhomo.

Tiyambe tafotokoza chidacho. Rotaveta ndi mtanda wachitsulo wopingasa umene amamangapo mipeni yambiri yopindika. Mtandawo ukamazungulira, mipeniyo imakhapa nthaka monga momwe makasu ambiri angakhapire motsatizana, n'kuiponyera kumbuyo pa chitseko chachitsulo chimene chimaphwanya zibuma. Amene anatchukitsa chidachi ndi Arthur Clifford Howard wa ku Australia, amene anayamba kuyesa nzeru imeneyi mu 1912 pa munda wa bambo wake ku Gilgandra, ndipo mu 1938 anakhazikitsa kampani ku England imene inafalitsa dzina loti Rotavator padziko lonse.

Apa mvetsetsani kusiyana kwa rotaveta ndi pulawo. Pulawo amachita kuikoka, ndipo mphamvu ya injini imafika pa nthaka kudzera m'matayala. Rotaveta amachita kuizunguza. Kumbuyo kwa thirakitala kuli kachitsulo kamano kamene kamazungulira, kotchedwa PTO, ndipo kameneka ndiko kamatenga mphamvu ku injini n'kuipereka ku mipeni kudzera mu shafuti ndi giyabokosi ya rotavetayo. Pa mathirakitala ang'onoang'ono ambiri kachitsuloka kali ndi mano 6 ndipo kanapangidwa kuti kazizungulira maulendo 540 pa mphindi imodzi. Choncho pofunsa za rotaveta, chofunika kudziwa ndi mphamvu imene imatuluka pa PTO.

Mphamvu ya injini amaiyesa mu hosipawa, ndiko kunena kuti mphamvu ya kavalo, muyeso umene anauyambitsa James Watt wa ku Scotland pofuna kuyerekeza injini zake za nthunzi ndi akavalo. Hosipawa imodzi ndi mphamvu yokwanira kukweza katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 75, tinene kuti thumba limodzi ndi theka la feteleza, kutalika kwa mita imodzi pa sekondi iliyonse. Mabuku ena a makina amalemba mphamvu mu makilowati. Mukapeza zotero, dziwani kuti kilowati imodzi ndi hosipawa imodzi kuwonjezapo gawo limodzi la magawo atatu, motero injini ya makilowati 18 ili ndi mahosipawa pafupifupi 24.

Tsono nambala imene wogulitsa amakonda kutchula ndi ya injini, chifukwa ndiyo yaikulu. Mphamvu imeneyi ikamayenda kupita kumbuyo, ina imathera m'magiya, ina m'pampu ya oyilo wokwezera zida, mwakuti imene imafika pa PTO kawirikawiri imakhala magawo 80 kapena 85 pa magawo 100 alionse. Thirakitala yakale ija yodziwika bwino, Massey Ferguson 135, imene inapangidwa kuyambira mu 1964 mpaka mu 1975, injini yake ya dizilo ili ndi mahosipawa pafupifupi 45, koma pa PTO pamatuluka pafupifupi 38. Yanmar YM2000 ya ku Japan ili ndi mahosipawa 24 pa injini ndi 20 pa PTO. Kuchotsera koyamba ndi kumeneko.

Kuchotsera kwachiwiri ambiri amakuiwala, komatu kukukhudza a ku Nguludi mwachindunji. Injini imapuma mpweya monga munthu. Pamalo okwera mpweya umakhala wopepuka, ndipo injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene takwera kuchokera pa nyanja ya mchere. Dera lokwera la Shire Highlands, kumene kuli Nguludi, Limbe ndi Mikolongwe, lili pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja ya mchere. Apa ndiye kuti injini imene buku lake likunena kuti ipereka mahosipawa 20, kuno ipereka 18 kapena kuyandikira pamenepo. Anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene ndi kotsika, vuto ili silikuwakhudza kwenikweni, koma a ku Dedza ndi Ntchisi likuwakhudza koposa. Ndipo ngati thirakitala yagulidwa itagwira kale ntchito zaka zambiri, chotsaninso pang'ono chifukwa cha ukalamba wake.

Tikadziwa mphamvu yeniyeni, tiyese katundu. Marotaveta amagulitsidwa potchula kutambalala kwake m'mafiti kapena m'mamita: ya mafiti 4 ndi mita 1.2, ya mafiti 5 ndi mita 1.5, ya mafiti 6 ndi mita 1.8. Muyeso wongoyambirapo umene odziwa makina amagwiritsa ntchito ndi wakuti fiti imodzi ya rotaveta yopepuka, yolima nthaka yofewa kuya kwa masentimita 10 mpaka 15, imafuna mahosipawa pafupifupi 5 a pa PTO. Ngati rotavetayo ndi yolemera, kapena nthaka ndi yolimba, fiti iliyonse imafuna 7 kapena 8.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, ndipo amene muli ndi pensulo pafupi lembani. Tiyerekeze kuti kalabu ina ya ku Nguludi yapeza thirakitala ya mahosipawa 25. Pa PTO patuluka 21. Tikachotsa gawo limodzi la magawo khumi chifukwa cha kukwera kwa malo, patsala 19. Tikagawa 19 ndi 5 tipeza pafupifupi mafiti 4. Tikagawa ndi 7 tipeza ochepera pa mafiti 3. Tanthauzo lake n'lakuti kalabuyi igule rotaveta yopepuka ya mafiti 4, ndipo ikadzafika pa nthaka yolimba idzayenera kulima mosazamitsa, mwina maulendo awiri. Ya mafiti 5 isaiyang'ane n'komwe, ngakhale wogulitsa ataitsitsa mtengo. Thirakitala ya mahosipawa 35 itsala ndi 27, ndipo iyi ingayendetse ya mafiti 5 pa nthaka yofewa, koma ngati minda yambiri ya mamembala ndi yamakande, ya mafiti 4 ndiyo idzakhalitsa. Massey Ferguson 135 yosamalidwa bwino itsala ndi pafupifupi 34, ndipo ingatenge ya mafiti 5 kapena yopepuka ya mafiti 6.

Mwaona kuti yankho likudalira nthaka, ndipo nthaka yanu mukuidziwa ndinu kuposa wogulitsa wa m'tauni. Dothi lamchenga ndi lopepuka kulima. Katondo, dothi lofiira la kumtunda, amafewa mvula ikagwa koma mu Seputembala ndi Okutobala, pamene ambiri amasosa ndi kugalauza, amauma gwa. Makande a m'dambo akanyowa amamatirira ku mipeni, akauma amang'aluka n'kulimba ngati njerwa. Posankha rotaveta, ganizirani munda wovuta kwambiri umene chidacho chidzalowemo, pa mwezi wovuta kwambiri umene chidzagwire ntchito. Maonekedwe a mipeni nawonso ali ndi mbali yake. Mipeni yopindika mwangodya, yonga chilembo cha L, imadula bwino udzu ndi mapesi koma imadya mphamvu zambiri. Yopindika mozungulira, yonga chilembo cha C, imalowa mosavuta m'dothi lolemera ndipo simatirira matope msanga.

Wina anganene kuti, "Nanga si yotambalala imamaliza munda msanga?" Tiyeni tiwerengenso. Rotaveta ya mita 1.2 ikamayenda makilomita 2 pa ola, ndipo tikachotsa gawo limodzi la magawo anayi a nthawi limene limathera potembenuka, imamaliza ekala imodzi m'maola awiri ndi mphindi 15. Tsono mangani ya mita 1.8 ku thirakitala yomweyo. Injini ilephera, dalaivala akakamizika kutsitsa liwiro mpaka kilomita 1.2 pa ola, ndipo ekala yomweyo itenga maola awiri ndi theka. Mwalipira ndalama zambiri pogula, mwawotcha dizilo wambiri, ndipo ntchito yachedwa. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti dalaivala amakweza mipeni kuti injini ipume, n'kumangopala pamwamba, mwini munda n'kulipira ntchito imene sinagwirike.

Thirakitala yolemedwa imadziulula yokha kwa amene ali ndi makutu ndi maso. Kulira kwa injini kumatsika, utsi umada, singano yosonyeza kuzungulira kwa injini imagwa pansi pa chizindikiro cha 540, ndipo madzi a m'rediyeta amatentha. Mukanyozera zizindikiro zimenezi, kilatchi idzapsa ndipo injini idzafuna kuphwasulidwa nthawi yake isanakwane. Vutoli lilinso ndi mbali ina. Rotaveta yaing'ono yomangidwa ku thirakitala yamphamvu kwambiri nayo ili pangozi, chifukwa giyabokosi yake ili ndi malire a mphamvu imene ingalandire, ndipo malirewo amalembedwa m'buku lake. Mpeni ukagunda mwala kapena chitsa, injini yaikulu siima, ndiye amathyoka ndi magiya kapena tcheni. N'chifukwa chake pa shafuti amaikapo bawuti yothyoka mwadala kapena kakilatchi koterereka. Bawuti imeneyi ikathyoka, musalowetsepo chitsulo cholimba chimene mwatola pa msika, pakuti mukatero mwachotsa mlonda, ndipo ulendo wotsatira chidzathyoka ndi chinthu cha mtengo wapatali.

Muyeso wachiwiri, pambuyo pa mphamvu, ndi kutambalala kwa thirakitala yeniyeniyo. Tengani tepi, muyese kuchokera kunja kwa tayala lakumbuyo lakumanzere kufika kunja kwa lakumanja. Rotaveta yabwino iyenera kufufuta mapazi a matayala onse awiri, apo ayi mudzasiya mikwasa yotsendereka pakati pa munda wolimidwa. Nthawi zina mphamvu imalola mafiti 4 pamene matayala atambalala kuposa apo. Zikatero musathamangire kugula yaikulu. Mathirakitala ambiri amalola kubweza matayala mkati, ndiponso alipo marotaveta amene amasunthika kupita mbali imodzi, kuti azifufuta phazi la tayala limodzi, linalo likuponda kumene sikunalimidwe.

Muyeso wachitatu ndi kulemera. Chida chimamangidwa pa mikono itatu ya kumbuyo, nzeru imene anaikonza Harry Ferguson wa ku Ireland, ndipo inafalikira ndi thirakitala yake yotuwa imene inayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946. Mikonoyi ili m'magulu. Mathirakitala ang'onoang'ono ambiri ali m'gulu loyamba, limene mapini ake apansi ndi a mamilimita 22, pamene a gulu lachiwiri ndi a mamilimita 28. Onetsetsani kuti mapini akugwirizana, ndipo funsani kulemera kwa rotavetayo kuti mufanizire ndi zimene mikono ya thirakitala ingathe kukweza. Ngakhale itaikweza, chida cholemera chimapepuza kutsogolo, ndipo matayala akutsogolo akapepuka chiwongolero sichimvera. Mwambo wake ndi wakuti gawo limodzi la magawo asanu a kulemera kwa thirakitala lizikhala pa matayala akutsogolo. Ku Chiradzulu, kumene njira zopita m'madimba n'zotsetsereka, ichi n'chinthu cha moyo ndi imfa. Ngati kutsogolo kukudzuka, mangani zitsulo zolemetsera kutsogoloko, kapena vomerezani kuti chidacho chakula.

Amene mwagula mathirakitala ogwira kale ntchito ochokera ku Japan, monga Kubota, Yanmar kapena Iseki, dziwani kuti ambiri mwa iwo ali ndi magiya angapo a PTO. Ngati rotaveta yanu inapangidwira maulendo 540, funsani makaniko akuonetseni giya yolingana nayo, ndipo muikepo chizindikiro cha penti. Shafuti nayo iyesedwe kutalika kwake chida chili pansi ndiponso chili m'mwamba, chifukwa yaitali imakankha n'kuswa giyabokosi, yaifupi imasololoka ili mkati mozungulira.

Pamenepa tiime pang'ono tinene za ngozi. Maulendo 540 pa mphindi ndi maulendo 9 pa sekondi imodzi. Nsonga ya chitenje, mpango kapena malaya osamanga mabatani ikakodwa pa shafuti yopanda chophimba, munthu sakhala ndi nthawi ngakhale yokuwa. Chophimba chapulasitiki cha shafuti chisachotsedwe. Ana asayende pambuyo pa chida, pakuti mipeni imaponya miyala. Udzu ukazengereza pa mtanda, chotsani PTO, zimitsani injini, tulutsani kiyi, ndipo pokhapo ndiye mugwire mipeni. Dziwaninso kuti pa nthaka youma rotaveta imatha kukankha thirakitala yopepuka kutsogolo, ndipo pamalo otsetsereka dalaivala angalephere kuiimitsa.

Mukagwirizanitsa bwino zida ziwirizi, kufewa kwa dothi mudzakulamulira ndi liwiro. Mtanda wozungulira maulendo 200 pa mphindi, wokhala ndi mipeni itatu yodutsa mzere umodzi, umakhapa maulendo 600 pa mphindi. Pa liwiro la makilomita 2 pa ola, thirakitala imayenda mamita 33 pa mphindi, ndiye kuti mpeni uliwonse umadula kagawo ka masentimita asanu ndi theka. Mukawirikiza liwiro, kagawoko kakhala masentimita 11, zibuma zikhala zazikulu, ndipo injini ifunika mphamvu zochulukirapo. Chitseko cha kumbuyo mukachitsitsa dothi limasalala, mukachikweza limatsala lamibulu. Nazale ya anyezi ifuna dothi losalala, koma munda wa chimanga suvutika ndi mibulu.

Walira mvula walira matope. Rotaveta ndi chida chokoma, koma ili ndi zovuta zake pa nthaka. Dothi loperedwa ngati ufa limakokoloka mosavuta, ndipo mvula yamphamvu ikaligunda limapanga chikhungu pamwamba, mbewu n'kulephera kutuluka. Anthu a ku Chiradzulu anaona m'mwezi wa Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, zimene madzi angachite pa malo otsetsereka. Choncho chida ichi chikhale cha m'dimba ndi m'minda yathyathyathya. Kumtunda, akalozera, udzu wa vetiva ndi mizere yopingasa zisachoke, ndipo kumbukirani kuti rotaveta siunga mizere. Ngati mubzala chimanga pa mizere yotalikirana masentimita 75 monga amalangizira alangizi, mudzafunikabe lija kapena khasu la m'manja. Kulima kuya kumodzimodzi chaka ndi chaka kumasiya nthaka yolimba pansi pamene mipeni imalekezera, imene mizu ndi madzi zimalephera kuboola. Ndipo m'munda mmene muli kapinga kapena dawe, kuduladula mizu yake ndiko kuubzala, chifukwa kachidutswa kalikonse kamaphuka.

Nthawi yabwino yolowetsa rotaveta m'munda mungaidziwe ndi dzanja lanu. Tapani dothi la pansi pang'ono, mulifumbate. Likaumbika koma n'kunyenyeka mukalidina ndi chala, lakonzeka. Likamatirira ngati dongo la mbiya, dikirani masiku angapo. Likakana kuumbika, ndi louma, ndipo mudzangotha mipeni ndi kuulutsa fumbi. M'dimba lothirira, kuthira madzi masiku awiri kapena atatu musanalime kumapeputsa ntchito ya injini kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomaliza, kalabu imene minda ya mamembala ake ndi timagawo ta m'dimba tosakwana theka la ekala iganizirenso za thirakitala ya matayala awiri, ija munthu amaiyendetsa akuitsata pambuyo. Ya mahosipawa 12 imabwera ndi rotaveta yake ya masentimita pafupifupi 60, yoyesedwa kale ndi amene anaipanga, ndipo imalowa pa njira yopapatiza imene ya matayala anayi singadutse.

Tsono musananyamuke kupita ku Limbe kapena ku Lilongwe kukagula, lembani papepala zinthu izi: mphamvu ya pa PTO mutachotsera kukwera kwa malo anu, kutambalala kwa matayala akumbuyo, kukula kwa mapini ndi kulemera kumene mikono ingakweze, ndiponso mtundu wa nthaka ya minda yanu. Pitani ndi mlangizi wa m'dera lanu kapena makaniko amene mumamukhulupirira. Pemphani kuona buku la chidacho, funsani ngati mipeni ndi mabawuti ake zimapezeka m'dziko muno, ndipo ngati n'kotheka chidacho chiyesedwe m'munda ndalama zisanaperekedwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Miyeso iwiri ikakukayikitsani, tengani waung'onowo, pakuti injini yotsala ndi mphamvu pang'ono imakhala zaka zambiri, ndipo ngongole imabwezedwa ndi chida chimene chikugwira ntchito.